Tsiku Limene Ndinanenerera Bondo Langa

M'Kafue muno, kuchokera ku siteshoni ya sitima kukafika ku mlatho, simunabadwe munthu wondiposa ine pa kunenerera mtengo. Kafunseni kumsika. Dzina limene atate anandipatsa anthu analiiwala kalekale. Aliyense amanditcha ba Bwezaniko, ndiko kuti tsitsaniko mtengo, chifukwa ndiwo mawu amene ankatsogola kutuluka m'kamwa mwanga, moni n'kumabwera pambuyo. Ndinanenererapo bokosi la maliro mpaka kalipentala analira kuposa anamfedwa. Usaseke, Dalitso mdzukulu wanga. Anagonamo ndi amalume anga, ndipo mpaka lero sanadandaule.

Tsono iwe Taonga wabwera ndi liwu lako la kusukulu, lakuti subtle, ukuti aphunzitsi akufuna mukalifotokoze mawa. Ine lilime langa silingalinyamule, mano olitchingira anatha. Koma zimene foni yako yanena ndazimva. Yati liwulo linabadwira m'Chilatini, chinenero chimene ansembe ankapempherera ife tili ana, ndipo linabadwira kwa anthu oluka nsalu. Sub ndiye kuti pansi, tela ndi ulusi woyalidwa pa cholukira. Kaulusi kodutsa pansi pa kanzake, koonda moti diso silikaona. Afalansa analitola, Angerezi n'kulitola kwa Afalansa, ndipo lero lafika kwathu kuno ku Nangongwe, monga momwe jekete la salaula, zovalavala kale zija, limayendera: aliyense wolivala amalisiyira kafungo kake. N'chifukwa chake tsopano akuti limanena nsalu yosalala, limanenanso fungo longomveka patali, kusintha kobwera mwakachetechete, ngakhale munthu wochenjera amene nzeru zake zimayenda monyang'ama.

Ika foniyo pansi. Zonse wawerengazo ine ndinakumana nazo, ndipo zina zili m'nsapato yanga yakumanzereyi. Senderani kuno, ana inu. Ambuya anu akamva kuti ndikusimba nkhaniyi abwera kudzaikonza, ndiye tiyeni tifulumire akadali kwa aneba.

Atate anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. Ine ndinakulira m'mbali mwa njanjiyo, kutola malasha ogwa m'sitima kuti amayi aphikire. Nditamera ndevu ndinalowa pa fakitale ya nsalu, nthawi imene inkalira usana ndi usiku, Kafue yense n'kumadzuka ndi saireni yake. M'kati mwake simunkamvana. Munkalankhulana ndi milomo ndi nsidze. Ulusi woima unkayalidwa ngati mizere ya m'munda, wopingasa n'kumathamanga pakati pake, pansi, pamwamba, pansi, pamwamba, mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Kaulusi kamodzi kakalumpha, makina sankanena kanthu. Nsalu inkatulukabe yokongola, n'kudzang'ambikira pathupi pa mwini wake tsiku la ukwati. Kapitawo wathu ankatimanga kansalu kumaso n'kutiuza kuti tiyendetse chala pa nsaluyo. Ankati, "Diso ndi mlendo, chala ndiye mwini nyumba." Changa chinaphunzira mpaka chinkamva pamene kaulusi kalumpha kanzake, monga lilime limamvera kamchenga mu nshima.

Ntchito itatha, ambiri anabwerera kumudzi. Ine ndinalowa mumsika ndi zala zangazo. Ndinkagula mabelo a salaula ndi zitenge ku Lusaka n'kudzagulitsa kuno. Poyamba tinkapita pa sitima, yoyenda mwaulemu moti unkatha kudya chimanga chonse, kugona, kudzuka, n'kupeza ukadali pafupi ndi kwanu. Belo unkalikhalira ngati nkhuku pa mazira kuti lisamere miyendo. Inu masiku ano mumagula malaya pa foni mutangoona chithunzi, akafika n'kupeza ndi a chidole. Ife nsalu tinkaigwira pakona n'kuipekesa pakati pa zala. Ikagwetsa kaufa koyera, ndiye kuti aikhutitsa sitachi kuti ioneke yonenepa. Tinkaiyang'anitsa kudzuwa, kuinunkhiza, nthawi zina kuinyambita kumene. Tinkawerenganso nkhope ya wogulitsa. Munthu akanena chinthu chimene iye mwini sakuchikhulupirira, pali kamnofu kamene kamagwedezeka pambali pa mphuno. Ine ndinkangoyang'ana pamenepo. Lamulo langa linali limodzi, ndipo ndinkalilalikira kwa aliyense, ngakhale kwa ambuya anu pogula tomato: mtengo woyamba munthu savomera. Woyambawo ndi moni chabe.

Zinkayenda. Tiyi wanga supuni inkaima yokha ndi shuga. Vitumbuwa m'mawa, chakumwa cham'botolo masana, nzimbe zogwa m'malole madzulo. Mimba inatsogola, anthu n'kumati ba Bwezaniko akhuta.

Kumtsinje ndinali ndi mnzanga, ba Mweemba, msodzi wa Chitonga, wamtali ngati mlongoti. Ndinkawapatsa mabuluku, iwo n'kundipatsa nsomba zouma, ndipo tinkakangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa chokonda kukanganako basi. Chaka china anaponda munga wa nsomba. Kabala kake kanali kochepa ngati njere ya mapira. Sikanapole. Anawatengera ku Lusaka, ndipo atabwerako anafika pa tebulo langa ali pa ndodo ziwiri, mwendo umodzi wa buluku ataupinda n'kuugwiritsa ndi chipini.

"Ba Bwezaniko," anatero, "lelo ndine nizakamba bwezaniko. Buluku nivala mwendo umozi chabe, manje nilipile bwanji yonse?"

Msika wonse unaseka, inenso ndinaseka. Ndinawapatsa bulukulo ulere, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Mvula isanathe tinakawaika. Kuchokera pamenepo ndinasunga chinthu chimodzi mumtima: chipatala ndi msika umene ulibe bwezaniko. Ukalowa ndi miyendo iwiri amatenga umodzi, winawo umangotsala woti ukufikitse kumanda.

Tsono chinthu chija chikamabwera, ana inu, sichigogoda. Chikanabwera ngati malungo, ndi kunjenjemera ndi kusanza, ndikanachizindikira. Chinayamba ndi ludzu. Ndinati ndi kutentha kwa Okutobala. Kenaka kutaya madzi kosatha. Ndinati ndi ukalamba. Kuseri kwa msika kumene tinkapatukira, nyerere zinayamba kusonkhana pamalo panga pokha, kusiya pa anzanga. Ndinati nyererezo zandizolowera. Lamba ndinamuboola bowo lina, kenaka linanso; ndinati lamba wa salaula amatambasuka. Bodza lililonse ndinkaligula pa mtengo woyamba, osanenerera n'komwe, ine yemweyu.

Kenaka ndinagula zitenge ku Kamwala, ku masitolo a ku Lusaka. Ndinazipekesa monga mwa masiku onse, chala n'kundiuza kuti ndi nsalu yeniyeni, yothinana bwino. Ambuya anu, amene mukudziwa kuti ndi telala wa manja abwino, anachapako chimodzi. Atachiyanika munkaona nyumba ya aneba kudutsa m'nsaluyo, ngati ukonde wa udzudzu. Ine ndinanamizira sopo. Iwo anangogwira dzanja langa, nalitembenuza, nayang'ana nsonga za zala nthawi yaitali, kenaka nalibweza pa bondo langa ngati akubweza katundu wa mwini wake. Masana amenewo ndinakhala kuseri kwa nyumba n'kumapekesa malaya anga, kenaka thumba la makala, kenaka malaya. Zinali chimodzimodzi. Mwini nyumba uja anali atasamuka osatsanzika, n'kundisiyira mlendo yekha.

Koma chimene chinandiopsa zedi chinachitikira pamsewu, dzuwa lili paliwombo, anthu ali pikitipikiti. M'mawa ndinali nditatsegula belo n'kudula mawaya ake. Pobwerera kuno ndinali m'mapatapata anga, ndikuyenda, ndikuimba kamluzu. Mayi wina wootcha chimanga anandiitana.

"Ba mudala! Imwe ba mudala! Onani kumbuyo kwanu."

Ndinacheuka. M'fumbi munali madontho a magazi, mzere wautali wolunjika kumsika, ngati padutsa munthu wonyamula nkhuku yozingidwa kumene. Ndinayamba kufunafuna mwini magaziwo. Kenaka ndinayang'ana pansi. Kachidutswa ka waya kanali kataboola patapata n'kulowa pansi pa chala chachikulu, ndipo ine ndinali nditayenda nako njira yonseyo. Ndinakazula. Ndinadikira ululu. Ana inu, ndinaima pamsewu paja kudikira ululu ngati munthu wodikira minibasi, ndipo sunabwere. Inu mumaopa kupweteka. Dalitso akaona jakisoni amaitana Yesu ndi angelo onse. Ine ndikukuuzani, palibe choopsa ngati bala limene silipweteka. Ndiye kuti phazi lako layamba kufa, koma silinakuuze.

Ndinabisa. Ndinamanga chalacho ndi kansanza, kuvala sokosi ndi nsapato zotseka m'dzuwa limene lija, n'kumauza anthu kuti wamalonda ayenera kuoneka bwino. Ndinathirapo mchere, phulusa, ngakhale mafuta odzozedwa amene atate anu Josi anabwera nawo kuchokera ku tchalitchi chawo chofuula chija, ine nditawanamiza kuti ndi a msana. Ndinkasamba nditatsekera chitseko ndi mwala. Ndinkagona phazi lili kukhoma. Chala chinayamba kuda, choyamba m'mbali, kenaka chonse, ngati nthochi yoiwalika m'thumba, chinzake cha pambali n'kuyamba kutengera. Ndiye fungo. Poyamba linali la patali, loti ukatembenuka kulifuna lasowa, ngati khoswe wafera kudenga kwa aneba. Kenaka ntchentche za mumsika zinayamba kusiya tebulo la nsomba n'kudzazungulira nsapato yanga. Ndinkaziingitsa ndi chitenge, ndikuseka ndi ogula. Ndikatsinzina ndinkaona chipini chija cha ba Mweemba chikunyezimira pa buluku lopinda.

Ine ndinkati ambuya anu ndawapusitsa. Munthu wochapa sokosi zako, wogona nawe bulangete limodzi, n'kumupusitsa! M'mawa wina anali pa makina awo osokera, akulimbana ndi kulowetsa ulusi pa singano. Analephera, nayesanso, nalephera, naika pansi.

"Atate ake Josi, maso angawa achita chifunga. Bowo la singano sindikuliona. Ndiperekezeni kuchipatala."

"Pitani ndi mpongozi wanu."

"Mpongozi ndiye anandikwatira? Akandithira mankhwala m'maso ndiwoloka bwanji msewu wa malolewu? Kapena mukufuna mukanenerere bokosi lina?"

Ndinapita. Ndinadziuza kuti woperekeza sadulidwa kanthu.

Tinakhala pa benchi, ine mapazi nditawabisa pansi pake. Nesi anatuluka naitana, "Ba Gelevazio!" Ine n'kumayang'ana uku ndi uku, kumumvera chisoni mwini dzinalo. Anaitananso. Pamenepo m'pomwe ndinakumbukira kuti Gelevazio ndine. Ndinati ndinyamuke ndithawe, ndinapeza dzanja la ambuya anu lagwira lamba wanga kumbuyo, mwakachetechete, nkhope yawo ili kutsogolo ngati ali pa Misa.

Dokota anali mtsikana, msinkhu wa mwana wanga. Anandiuza kuti ndivule nsapato. Atamasula kansanza kaja sanafuule, sanagwire pakamwa.

"Musayope, ba tate, tizaona," anatero.

Kamnofu ka pambali pa mphuno yake kanagwedezeka. Ndinakaona.

Kenaka anatulutsa kachida kamene sindidzakaiwala. Osati mpeni, osati singano. Kaulusi kamodzi, kouma, koonda ngati ka mbedza.

"Tsinzinani. Nizagwila pa phazi na aka. Mukamvela, mukambe."

Ndinatsinzina, ndipo mtima unabwererako pang'ono. Ulusi! Mwana uyu akufuna kuyesa ine ndi ulusi, ine amene ndinkamva kaulusi kolumpha m'nsalu maso atamangidwa? Ndinadikira. Ndinamva kabedi ka matayala kakudutsa pakhonde, mwana akulira chapatali, ambuya anu akupuma.

"Yambani kansi, ba dokota," ndinatero.

Dokota anaika kaulusi kaja patebulo.

"Ba tate," anatero pang'onopang'ono, "nasiliza kudala. Mapazi yonse yabili."

Ndinapempha kukataya madzi. Nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja, ndinatulukira khomo lakumbuyo. Ndinakafika pa mpanda pamene amayi amagulitsa nthochi ndi mazira kwa odikirira odwala, n'kukhala pa mwala. Maminibasi ankadutsa, makondakitala akufuula Lusaka, Lusaka. Ndinaganiza zokwera, ndipite kulikonse, ku Katete komwe, ndikafe ndi miyendo yanga yonse. Koma sindinakwere. Ndinkangosisita mawondo anga, lakumanzerelo makamaka, ngati munthu wosisita mbuzi yake imene mawa ikugulitsidwa.

Ambuya anu anandipeza pamenepo. Sanathamange. Anagula nthochi, nakhala pambali panga, nayamba kusenda.

"Akuti bwanji?" ndinafunsa.

"Akuti ndi matenda a shuga."

"Sindikufunsa dzina lake. Ndikufunsa za phazi."

Anatafuna, nameza. "Akuti adula pa bondo."

Ndinayang'ana pambali pa mphuno yawo. Sipanagwedezeke kanthu. Mpanda, nthochi, msewu, zonse zinazungulira. Ndinadziona ndili pa ndodo ziwiri kuseri kwa tebulo langa, anthu akundigula chifukwa cha chisoni, osanenerera. Ndinalira, ana inu, pamaso pa amayi a nthochi, ndi ndevu zonsezi.

Anandisiya ndilire. Kenaka anataya khoko la nthochi nati, "Ine ndimayesa ndinakwatiwa ndi ba Bwezaniko. Eni masitolo a ku Kamwala amabisala akakuonani. Kalipentala munamuliza. Lero kamtsikana aka katchula mtengo woyamba, inu mwavomera muli kuseri kwa mpanda?"

Mawu amenewo analowa pamene kaulusi kaja kanalephera kulowa. Ndinapukuta nkhope, kuvala nsapato, n'kubwerera.

Wonenerera wabwino amayambira pansi penipeni. Ndinakhala pampando n'kupinda manja.

"Ba dokota, tikambilane monga bantu. Nipaseni chabe mankwala. Mapilisi, vonse, nizamwa."

"Mankwala muzamwa," anatero, naloza chala chakuda chija ndi chinzake, "koma ivi vinafa kudala. Vikumo vibili vifunika kuchoka."

Kuchoka pa bondo kufika pa zala ndi liwu limodzi lokha! Koma wamalonda saonetsa mano msanga.

"Chimozi."

"Vibili."

"Chimozi na hafu."

"Ba tate, si tomato."

Ndinagwiritsa chida changa chotsiriza, chimene sichinandikhumudwitsepo: ndinanyamuka n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kuchitseko. Mumsika ukatero wogulitsa amakuitana usanapite patali. Ndinafika pakati pa chipinda, zii. Ndinagwira chitseko, zii. Ndinamva akusamba m'manja, akukonzekera wodwala wina. Pamenepo ndinadziwa kuti kunja kwa chitsekocho kulibe sitolo ina yoti ndikayesere. Thukuta linatsika mpaka m'sokosi. Ndinabwerera ndekha, osaitanidwa.

"Vibili. Koma bondo musiye. Tilumbile."

Dokota anayang'ana ambuya anu. Ambuya anu anali akuyang'ana kudenga.

"Ngati ni lelo, bondo sitizaigwila," anatero dokota. "Mukachedwa, siningalonjeze."

"Nanga mbasela?" ndinafunsa, poti wogula zambiri amamuponyerako kowonjezera.

Aka kanali koyamba kuti aseke. "Mbasela ni jakisoni m'mawa uliwonse, na tiyi yopanda shuga mpaka kalekale."

Anandigoneka tsiku lomwelo. M'mawa mwake, asanandikankhire ku chipinda cha opaleshoni, ndinapempha ulusi wofiira wa m'chikwama cha ambuya anu n'kuumanga pansi pa bondo kuti ukhale malire: wampeni akafika apa adziwe kuti walowa m'munda wa eni. Manesi anaseka, koma anausiya. Ndili pa kabedi kaja ndinkayang'ana mababu akudutsa kudenga, ndikuganiza kuti mwina ba Mweemba nawonso anawalonjeza. Munthu ukagona tulo ta mankhwala sunganenerere kanthu. Ndinapemphera Chilatini chonse chimene ndinkakumbukira, ngakhale chimene sindinkadziwa tanthauzo lake.

Nditadzuka sindinafufuze ndi manja, pakuti zala sindinkazikhulupiriranso. Ndinakweza bulangete n'kutuma mlendo uja, diso. Bondo linalipo. Ulusi wofiira unalipo. Msongolo, chidendene, zonse. Kumapeto kokha n'kumene kunali chimpukutu cha bandeji.

Eee, msika unandimva! Ndisanayambe n'komwe kuponda bwino, aliyense anali atadziwa kuti ba Bwezaniko anenerera dokota kuchokera pa bondo mpaka pa zala. Ogulitsa nsomba ankabwera kudzandigwira chanza. Wina anati ndikamunenerere kwa apongozi ake.

Tsiku lokaonetsa bala ndinatengera dokota uja chitenge, chosankha ambuya anu, poti ine ndinali nditaleka kudzinamiza. Ndinachipereka ndi manja awiri.

"Ba dokota, zikomo pobweza mtengo. Mukanalimbikila pa bondo paja, sembe nili pa ndodo."

Anakwinya nkhope. "Bondo iti?"

"Ija munauza ba mayo aba."

"Ine n'nauza ba mayo kuti vikumo vibili, kuyambila poyamba. Bondo munabwela nayo ndimwe. N'nadabwa chabe."

Ndinatembenuka. Ambuya anu anali akuyang'ananso kudenga, ngati Malamulo Khumi anawalemba pamenepo.

Tinatsika minibasi. Pa kanjira kolowera kuno ndinaima.

"Amake Josi, munandinamiza."

"Ndinakuyambirani pamwamba."

"Ndinalira pamaso pa anthu!"

"Misozi siiwola. Phazi ndi limene linkawola. Ndikanati zala, inu mukanati chikhadabo. Dokota akanakana, inu n'kukwera minibasi ya ku Katete. Kuyambira tsiku limene munandikwatira simunavomerepo mtengo woyamba, ngakhale wa tomato. Ndiye ndinakupatsani woyamba woti muukane."

"Nanga dokotayo akanati bondo lenilenilo?"

"Ndikanati chiuno."

"Nanga maso a chifunga aja?"

Anazula singano pa kolala ya bulauzi, natenga kaulusi, nalowetsa kamodzi n'kamodzi, tili chiimire panjira, mphepo ikuomba. Ndinawayang'ana pambali pa mphuno. Zaka zonsezo ndinkagona pafupi ndi nkhope imodzi yokha m'Kafue imene sindinkatha kuiwerenga.

Mukuseka. Sekani, koma mumvetsere, pakuti chotsalachi n'chimene chimandidzutsa kusanache. Chinthu chija sichinachoke ndi zala zija. Chikadali m'kati, chikuyenda pansi pa ulusi, osagogoda. Dokota anati mapazi aziyang'anidwa tsiku lililonse, pansi pake ndi pakati pa zala, chifukwa ine sindingamve kanthu, ndipo msana sundilolanso kuwerama. Zaka zonsezi ntchito imeneyo ndi ya ambuya anu. Dzuwa likapendeka amandikhazika pampando uno, phazi pa miyendo pawo, n'kuliwerenga ngati nsalu yokayikitsa.

Koma chifunga chija anachinamizira chabwera chenicheni. Mwaona makina osokera afundidwa nsalu kuyambira chaka chatha. Iwo amati akupumula. Dzana anathira mchere mu tiyi wanga, nati akundisamalira shuga. Ndawauza kuti tipite akaonedwe, akuti maso awo sakufuna mpeni. Ndinayesa nzeru yawo yomwe, ndinati ndamva kuti munthu akachedwa amachotsa onse awiri. Anandiyankha kuti, "Atate ake Josi, mphuno yanu ikugwedezeka. Ndikuimva ngakhale sindikuiona."

Ndiye dzulo anayang'ana phazi ili nati lili bwino. Koma lero m'mawa ndapeza kadontho pa sokosi, kofiirira, kochepa ngati njere ya mapira. Mwina ndi dothi. Mwina ndi utoto wa nsapato. Mabodza amenewo ndinawagulapo kale, mtengo wake ndikuudziwa.

Taonga, tola foni ija tsopano, uyatse katochi kake. Dalitso, kokera mpandowo kuno ugwire chidendene. Usachite tsinya, phazi limeneli ndi limene linayenda kukafunsira ambuya ako. Yang'anitsitsa pansi pa zala zotsalazo, Taonga, pang'onopang'ono, ufune chinthu chochepa ngati liwu lako lija. Chimene uone undiuze monga chilili. Usayambire pamwamba, mtima wanga sungapirirenso malonda otere. Ndipo kaya wapeza kanthu kaya ayi, ambuya ako akalowa uwauze kuti mawa ndikufuna wondiperekeza kuchipatala. Uwauze kuti woperekeza sadulidwa kanthu. Unene ndiwe, poti yanga mphuno amaidziwa.

Pamene ukuyang'anapo, ndiyankheni ichi, ana inu, poti ophunzira ndinu. Tsiku lija dokota anatenga zala zimene ankafuna kuyambira pachiyambi. Ambuya anu anabwerera ndi mwamuna wawo wamiyendo iwiri. Ine ndinatuluka ndi bondo limene palibe analifuna, msika wonse n'kundiombera m'manja. Ndipo mwini malonda weniweni, uja sagogoda, akadali chikhalire m'magazi mwanga, sanatchulebe mtengo wake wotsiriza. Tsono pamalonda amenewo, anapambana ndani?